Ndinagona dzina lako lili pakamwa

Mwana wanga Rozita,

Wandikwiyitsa. Mchimwene wako Zeka, yemwe akundilemberayu, wandiuza kuti ukufuna kukana ntchito ya ku Beira, ya m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ati udzandisamale kuno. Wakuuza ndani kuti ndatha ine?

Kaya uli bwanji kumeneko? Amayi ako ali bwino. Ine bala lauma, dzulo ndayenda ndekha mpaka kumsika wa Mongue.

Za opaleshoni ija sindinakuuze zonse. Atandigoneka pabedi ku Milange, ndinachita mantha, ine amene sindinaope nkhondo. Mnyamata wogonetsa odwala anati ndiwerenge m'Chipwitikizi. Ndinamuyankha kuti, "Sukulu sindinaiponde, usandichititse manyazi." Iye anaseka, nandigwira dzanja. "Chabwino agogo, nditchulireni ana anu." Ndinayamba ndi Zeka, n'kumatsika. Pofika pa iwe chitsirizira, maso analemera. Ndinagona dzina lako lili pakamwa, mantha atatha.

Unatiuza wekha kuti sukulu ya ogonetsa odwala, imene umalakalaka kulowa ija, imafuna namwino amene wayamba wazolowera odwala kwambiri. Ndiye ukabwera kudzanditenthetsera madzi osamba, udzaphunzira chiyani? Madziwo amayi ako amatenthetsa bwino, ngakhale amalongolola.

Kukusowa ndimakusowa, koma usakauze anthu. Mulungu akusunge ndi manja akowo, kuli nkhalamba zina zamantha zikuwadikira.

Tsono iwe Rozita, mawa lomwe pita ukavomere ntchitoyo. Ukatero umuimbire Zeka, ndimve ndi khutu langa.

Ndine bambo ako,
Alubino