Mizere yofiira imene a Zuze azimitsa

Lachinayi, mwezi wa Januwale, ku Nsanje

Kwatentha tsiku lonse, koma kumapiri kwada bii. Madzi a Shire ayamba kale kufiira.

Lero ndayesa chida chatsopano pa pulogalamu yathu yotumiza chenjezo la madzi osefukira pa mafoni. Chidachi chimawerenga malamulo onse pulogalamu isanayambe kugwira ntchito, n'kuika mzere wofiira pamene talemba molakwika. Chinaima pa lamulo loti "tumiza". Wina analemba dzina lokha, osaika mabulaketi kumapeto. Kompyuta ikaona zotere siidandaula. Imangodutsa phee, ngati watchula dzina la munthu koma osamuitana, ndipo uthenga supita.

Ndinawaonetsa a Zuze, bwana wanga. Anati, "Achimwene, chinthu chanuchi chikungolira paliponse. Chaka chatha zinayenda popanda icho."

Ndinati, "Bwana, chaka chatha madzi sanakwere mpaka pofuna lamuloli."

A Zuze anachizimitsa okha chidacho, n'kunyamula laputopu imene muli pulogalamuyo kupita nayo kwawo, akuti akakonzekere alendo a mawa.

Malo amodziwo ndinali nditakonza kale. Koma mizere yofiira inalipo yambiri, ndipo gawo la midzi ya ku Marka sindinalifike n'komwe. Amayi ali komweko. Ndine ndinawauza kuti foni ikalira athawire kumtunda.

Madzulo ano ndawaimbira, ndawapempha kuti akagone kwa malume kumtunda. Akuti mtsinje ukusokosera ndithu, koma mbuzi zawo sangazisiye. Kenako aseka, amvekere, "Usade nkhawa, mwanawe. Kukanakhala koopsa, makina ako aja akanatiuza."