Mkamwini Wavala Wotchi ya Apongozi

Aphungu,

Ndine mkamwini kuno kwa Kaduya. Apongozi anga aakazi anadwala sitiroko mu Epulo, mwendo ndi mkono wakumanja zinafooka. Potuluka m'chipatala, a Thandiwe, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso, anawapatsa kawotchi kowerenga mapazi amene munthu waponda. A Thandiwewo amaona zonse pafoni yawo ali kuntchito. Anatiuza kuti, "Mayi aziyenda tsiku lililonse wina atawagwira. Akamayenda azitchula mayina a zidzukulu kapena kuwerenga chobwerera m'mbuyo, kuti mwendo ndi mutu zizolowerane."

Tsono mkazi wanga Aliness amalawirira ku Migowi kukagulitsa tomato, wotsala pakhomo ndine. Ine ndinaleredwa, Aphungu. Apongozi ndikakumana nawo panjira ndimapatuka, ndiye lero ndiwagwire m'khwapa anthu akuona? Komanso zoyenda akutchula mayina ngati mwana wa sitandade wani, pamudzi pano angati apenga. Ndiye kawotchiko ndimangovala ndekha popita kumunda wa nandolo, madzulo n'kukasiya pawindo. Tsiku lina ndinaiwala kuvula, ndinafika nako kuphiri la Michesi kokatola nkhuni.

Mwezi watha a Thandiwe anaimba foni kuti, "Mayi akuchita bwino mpaka ndadabwa. Mwezi uno sindibwera, ndikaone ena." Koma apongozi chikhalireni pamphasa miyezi iwiri. Za ine sanaululire aliyense. Dzana anangouza Aliness kuti, "Akuti ndikuyenda, koma pamango apo sindinafikepo." Aliness analira, akuyesa mutu wa mayi ake wayamba kusokonekera.

Lachiwiri likubwerali a Thandiwe akufuna awaone apongozi akuyenda okha. Mtima uli m'mwamba. Kodi ndinene kuti kawotchiko kanawonongeka?

G.M., Kaduya, Phalombe

Bambo G.M.,

Kawotchiko n'kabwinobwino. Chawonongeka pakhomo panupo mukuchidziwa.

Ndakuwomberani m'manja: wathanzi wachita zolimbitsa thupi miyezi iwiri, wodwala akuonerera. Kunakakhala mphotho ya mkamwini woyenda bwino, ikanabwera kwa Kaduya. Mukuti munaleredwa? Amene anakulerani ndiye anakuphunzitsani kupusitsa achipatala? Kugwira mkono wa apongozi mukuchita manyazi, koma kuwabera chithandizo ayi. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma lambeyo anadzipha yekha. Anuwa akupha mwendo wa munthu wina, amene akukubisiraninso mlandu mpaka mwana wake akumuyesa wosokonekera mutu. Zandinyansa, ndisakubisireni.

Zotchula mayina mukuzisekazo si masewera. Munthu sayenda mutu uli zii. Panjira ya kwanu pali njinga, pali moni woti ayankhe, pali mbuzi yodutsa. Wodwala sitiroko amatha kuyenda bwino, koma wina akangomuyankhulitsa mwendo umaima kapena amagwa. N'chifukwa chake amaphunzitsa ziwirizi pamodzi. Ndipo achipatala amalimbikira miyezi yoyambirira poti ndi pamene thupi limamva msanga. Iwiri mwa miyezi imeneyo mwakaitaya kunandolo.

Lero lomwe khalani pansi ndi Aliness mumuuze zonse, adziwe kuti mayi ake amanena zoona. Akakalipa, pirirani, mwaziputa dala. Mukatero imbirani a Thandiwe Lachiwiri lisanafike. Akapanda kudziwa, adzaimiritsa mayi ngati munthu wokwera Michesi, ndipo akagwa n'kuthyoka mudzati ndi mfiti.

Za mwambo musandinamize. Mwambo uli ndi eni ake. Pitani kwa ankhoswe ndi kwa mwinimbumba mukanene kuti matenda alowa pakhomo, akumasuleni. Nyumba itapsa apongozi ali m'kati, mungaime pabwalo n'kumati ndinaleredwa? Ngati dzanja likukanabe, pemphani amayi a mvano azisinthana m'mawa. Inu muziyenda kutsogolo, kuchotsa miyala ndi kufunsa mayina a zidzukuluzo. Kapena nanunso simuwadziwa?

Koma chenjerani, musafune kubweza miyezi iwiri pa sabata imodzi. Yambani ndi mlingo umene a Thandiwe anene, pamalo osalala, wowagwira ali kumbali yofookayo. Akachita chizungulire akhale pansi. Kamwa ikapotoka, mawu akalemera kapena chiwalo china chikafooka mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala osadikira Aliness.

Ndipo mapazi a pafoni musawerengenso. Pali mtengo wa mango pabwalo panu umene mayi aja akhala akuuyang'ana ali pamphasa. Tsiku limene adzaugwire ndi dzanja lawo, mudzayambe kuuza anthu kuti munaleredwa.

Aphungu