Wotikokolera Chipale Mwaulere

Lachinayi, 16 Okutobala

Nyengo yosaka yayamba. Osati ya agwape, ya okalamba. Kuyambira dzulo aliyense wa imvi akuloledwa kusintha inshuwalansi ya kuchipatala, ndiye foni kulira tsiku lonse, bokosi la makalata kudzaza zithunzi za nkhalamba zoseka pa njinga. Sindinaonepo nkhalamba ya m'tauni muno ikuseka choncho, ngakhale pa ukwati.

Masana kunabwera Trent Vandehey, ejenti wa inshuwalansi wa amuna anga a Duane. Jekete yatsopano, kalendala ya chaka chamawa, nkhope yake pa mwezi uliwonse. Bambo ake, malemu Butch, ankagwira ntchito limodzi ndi a Duane ku fakitale ya mapepala mpaka inatsekedwa. N'chifukwa chake pano sagogoda.

"Amalume, musasinthe kanthu, muli pabwino." Kenako kwa ine: "Mayi, mukulipirabe inshuwalansi yodula ija?" Ndinati eya. Ndinamupatsa khofi wotsala m'mawa.

Ndi yemweyu anawachotsa a Duane chaka chatha pa inshuwalansi ya boma ndi yowonjezera yake, yolipira zimene boma lasiya, n'kuwalowetsa ku kampani yolipiritsa ziro pa mwezi. Ziro, kuphatikiza khadi ya kolimbitsira thupi ndi ina yogulira masokosi ndi mankhwala a chifuwa. Kolimbitsira thupiko anapitako kamodzi, kukaona ngati khadi ikugwira ntchito. Ine ndinakana kusintha yanga. Ndinakalambira pa kauntala ya sitolo ya mipando. Mawu oti "ulere" ndinkawalemba ndekha pa zikwangwani.

Lachisanu, 24 Okutobala

Kuchipatala, kwa Dokotala Kamath. Kachitseko kena mu mtima wa a Duane sikakutsekanso bwino. Opaleshoni mu Febuluwale. Mayiyu ndi amene anawadzutsa ulendo woyamba uja atagwa m'galaja, ndipo mtima umenewu amaudziwa kuposa ine. Akamalankhula, a Duane amavula chipewa.

Potuluka, wa pa desiki anatiuza motsitsa mawu kuti kuyambira Januwale chipatala sichidzalandiranso makampani a ziro aja, onse. Atopa kukangana nawo. Olandiridwa ndi a boma okha.

Pobwerera tinadya nsomba yokazinga, monga Lachisanu lililonse. A Duane anamaliza yawo ndi theka la yanga. "Trent akonza," anatero. Ine nsombayo sinalowe.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndaimbira ndekha ku ofesi ya boma. Nyimbo ya pa foni mpaka khutu kutentha. Koma ndamva. Munthu amene wachoka pa inshuwalansi ya boma koyamba ali ndi chaka chimodzi chobwerera, n'kutenganso yowonjezera ija popanda kufunsidwa za matenda. Chaka chikadutsa, amafunsa. Ndipo ndani angalandire bambo wa zaka 74 wa mtima wodontha?

Chaka cha a Duane chikutha pa 31 Disembala. Zimangofunika foni imodzi, koma amafuna mawu a mwini wake. Anga sawerengedwa. Ndimawachapira, ndimawawerengera mapiritsi, koma pa foni ndine mlendo.

Ndawafotokozera kawiri, kachiwiri TV nditazimitsa. Yankho: "Timufunse kaye mwana wa Butch."

Lamulungu, 16 Novembala

Kutchalitchi Trent ndi amene amayendetsa dengu la chopereka. Amadziwa kuimira pamene uli mpaka uchite manyazi.

Ndinamupeza mu holo titatuluka, pafupi ndi madonasi. Ndinamufunsa amene amamulipira. "Osati inu, mayi. Kwa inu ndi ulere." Ndinati ndi chimene ndikufunsira. Anaseka, n'kuvomera kuti kampani imamupatsa kenakake pa mutu uliwonse, chaka chilichonse chimene mutuwo wakhala osachoka. Mutu. Ngati ng'ombe za pa famu ya Pagel.

Za chaka chobwerera chija ankazidziwa. "Sindimafuna kuwasokoneza amalume." Za Dokotala Kamath anati kuli chipatala china chabwino zedi mumzinda, kampani imagwira nacho ntchito. Ulendo wa maola awiri. "Mtima ndi mtima, mayi, madokotala onse amaphunzira zofanana." Ndinamufunsa ngati galimoto yake amaipereka kwa makaniko aliyense. Anandipatsa donasi.

Sananame ngakhale kamodzi. Ndi chimene chikundinyansa.

Lolemba, 1 Disembala

Chipale chofewa choyamba cha nyengo yachisanu chagwa, chofika m'maondo. Tisanamwe n'komwe khofi, phokoso panja. Trent ndi galimoto yake ya chokokolera kutsogolo, uku ndi uku, njira yonse mbee mpaka ku msewu. Wakhala akuchita zimenezi chigwereni a Duane m'galaja muja. Ineyo sindinamupemphepo.

A Duane pa windo, dzanja m'mwamba ngati kukudutsa bishopu.

Ndinatuluka ndi madola makumi anayi. Anakana, manja onse awiri. "Bambo anga angadzuke m'manda." Ndinayesa kumuponyera pa mpando, anatseka galasi akuseka.

Ndaganiza tsiku lonse. Wokonza mapaipi akakulakwira, umamulipira n'kumuuza kuti asadzabwerenso. Nanga munthu amene sumulipira umamuchotsa bwanji ntchito?

Lachitatu, 10 Disembala

Takangana. Zathu zokangana n'zimenezi: ine kulankhula, iwo kupukuta magalasi.

"Iwe Marlene, munthu akukokolere pakhomo, iwe n'kukamulanda chakudya cha ana ake? Ali ndi atatu, wina ali m'njira." Ndinati ana a Trent sadzagona ndi njala chifukwa cha mutu umodzi, koma ine ndikhoza kugona ndekha. Anati ndimakonda kukuza zinthu. Ndinati foni siidutsa kwa Trent. Anati adzadziwabe, ndiye ku tchalitchi tidzayang'anana bwanji?

Ndi mmene tilili kuno. Amayi awo a Duane anadya nyama yosapsa pa ukwati wa mwana wa mnzawo, n'kugona m'chipatala, n'kutumiza khadi yothokoza ali pa bedi pomwepo. Timafa mwaulemu.

Pomaliza anati achita, koma akamuuze kaye pamaso, ngati mwamuna. Ndinati chabwino. Akakwera masitepe tsopano amaima pakati, kunamizira kuyang'ana chithunzi cha pakhoma.

Lachisanu, 19 Disembala

Anapita ku ofesi ya Trent kukamuuza pamaso.

Abwerako ndi soseji ya gwape, chipewa cholembedwa dzina la kampani, ndi maso ofiira. Akuti pakhoma pa ofesiyo pali chithunzi cha Butch ndi iwowo ali anyamata, atanyamula nsomba pa nyanja youma ndi chisanu. Akuti Trent anati, "Amalume, mukafuna kuchoka chokani, ine sindingakwiye." Ndiye iwo akanatani?

Ndinafunsa ngati anamuuza. "Nthawi sinali yabwino."

Ndikufuna kudziwa ngati m'kabati mwake muli zithunzi zina, chimodzi pa nkhalamba iliyonse, n'kumasintha pakhoma malinga ndi amene akubwera. Mwina ndikumulakwira. Sosejiyo ndi yokoma, ndipo zandikwiyitsa.

Mwana wathu Patty anaimba kuchokera ku Arizona. "Amayi, adadi ndi munthu wamkulu." Kutali kumapatsa nzeru.

Lachiwiri, 30 Disembala

Ndinadzuka nditatsimikiza. Ndinawakhazika pa tebulo, khadi yawo patsogolo, magalasi pamphuno. Ndinaimba ndekha, ndinapirira nyimbo ndekha, munthu atayankha ndinawaika foni m'manja.

Anatchula dzina bwinobwino. Tsiku lobadwa. Nambala. Ndinayamba kupuma. Mayi wa pa foniyo anafunsa ngati akutsimikiza kuti akufuna kuchoka ku kampaniyo.

Pomwepo panja, chitsulo kukhukhuluza pansi. Kunagwa chipale china usiku.

Anayang'ana pa windo. Trent anaimika dzanja. Iwo anaimika lawo, la foni lomwelo. Kenako: "Mayi, tidzaimbanso, zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu, chaka chabwino." Anadula, n'kuthira khofi m'kapu yabwino ija, n'kutuluka nayo atavala chipewa cha kampani.

Madzulo ndinayesanso. Anati atopa.

Lachisanu, 2 Januwale

Chaka chobwerera chija chatha.

Dokotala Kamath anaimba okha, osati wa pa desiki. Atumiza zonse ku chipatala cha mumzinda. "Ndikanakonda kumaliza ndekha, Mayi Zastrow. Muwauze asanyamule zolemera." Ndinathokoza. Ndinakatsuka mbale zoyera kale.

A Duane apachika kalendala yatsopano. Januwale: Trent atavala sikafu.

Lachiwiri, 13 Januwale

Mumzinda, kwa dokotala watsopano. Mnyamata wa ulemu wake, anatchula dzina lathu molakwika kawiri. Za Febuluwale tiiwale. Ayambe kaye kupempha chilolezo ku kampani, ndipo kampani ikufuna kuwayezanso zonse zimene anayezedwa kale. Mwina Epulo. Ndinafunsa ngati mtimawo ukudziwa kuti uyenera kudikira Epulo. Anayang'ana pa kompyuta.

A Duane aletsedwa kuyendetsa. Ine maso anga pa msewu waukulu sakuthandizanso. Basi kulibe. Ndiye anatitenga ndani, maola awiri kupita, awiri kubwera, n'kudikira pa benchi ndi nyuzipepala? Za mafuta anakana. Manja onse awiri.

Pobwerera a Duane anagona kutsogolo, kupuma kwawo kukumveka mpaka kumbuyo kumene ndinali. Trent anandiyang'ana pa kagalasi. "Mayi, yanu ija yakweranso chaka chino, eti? Tidzakhale pansi tsiku lina. Palibe chokakamiza." A Duane, maso ali chitsekere: "Uzimumvera mwanayu."

Ndinali nawo mawu. Ndakhala ndikuwanola kuyambira Okutobala. Anatitsitsa pakhomo penipeni, pa njira yoyera imene anakokola yekha, anawagwira a Duane mkono mpaka pa masitepe. Ndipo ine ndinati, "Zikomo kwambiri, Trent, Mulungu akudalitse." Pakamwa panga pomwe.

Akuti mawa kugwa chipale china. Ndatulutsa fosholo m'galaja, ndaiimika pa khonde. Ndikadzuka m'mamawa ndikhoza kumaliza iye asanafike. Koma yalemera, kaya ndi yomwe ija.