Bambo Ayambanso Kuyankhula Chingerezi

Vinh Long,
mwezi wa Seputembala

Mlongo wanga Khiem,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino kumeneko ku Melbourne, pamodzi ndi alamu anga. Kodi msana uja unasiya kukuvuta? Kuno mvula yakula ndipo mtsinje wadzaza. Ine ndili bwino. Mwana wako Quyen nayenso ali bwino, kungoti waonda. Za Bambo ndiye zimene zandigwiritsa cholemberachi.

Usadabwe kuti sindinaimbe foni. Pafoni iwe sufunsa china koma mayeso a mwana wako, komanso masiku ano foni ikangolira Bambo amaima kuseri kwa chitseko n'kumamvetsera.

Unalamula kuti Quyen asiye Chingerezi chongopatsirana moni, aphunzire mawu akuluakulu oti akakhozere mayeso olowera kuyunivesite ya kumeneko. Mwanayo wamvera mpaka kupyola muyezo. Aphunzitsi ake anamuuza kuti azilemba mawu pa timapepala tachikasu n'kumamata paliponse pomwe diso lingagwe. Nyumba yonse inachita mawangamawanga: pafiliji, pafani, pachitseko cha kuchimbudzi, ngakhale pabotolo la msuzi wa nsomba. Ndinangomuletsa paguwa la makolo pokha.

Mawu akenso ataliatali, oti ndikukayika ngati azungu eni ake amawatchula pogula ndiwo. Ndinamufunsa tanthauzo la limodzi, akuti ndi kuchepetsa ukali wa vuto pang'onopang'ono. Ndinati ndiye ubwere nalo kukhitchini kuno lidzandithandize kutsuka mbale. Sanaseke. Amangozungulira m'nyumba kubwereza mawuwo mokweza kuyambira m'mawa.

Tsiku lina akubwereza choncho pakhonde, Bambo anaika pansi kapu yawo ya khofi n'kumuuza kuti akumeza michira ya mawu, monga timachitira tonse kuno. Kenako analitchula okha liwu limene mwanayo ankabwerezalo, bwinobwino, ngati munthu wa pawailesi. Ine supuni inandipulumuka m'manja.

Iwe unabadwa atabwerako kale, ndiye nkhaniyi umangoimvera m'mbali. Pa nthawi ya nkhondo Bambo anali womasulira wa asilikali a ku Amerika. Nkhondo itatha, anthu ngati iwo anauzidwa kuti akadzipereke okha kwa boma latsopano, atenge zovala ndi mpunga wa masiku ochepa, akaphunzitsidwe maganizo atsopano. Anapita ine ndili pamsana pa Amayi. Inali ndende, ndipo anabwerako ndili pasukulu, iwo mano atatha m'kamwa. Chibwerere sanatchulepo liwu la Chingerezi, ndipo ife tinazolowera kusafunsa.

Poyamba ndinasangalala, ndisaname. Munthu amene masiku ano amaiwala ngati wadya kale, ankakumbukira mawu oti mdzukulu wake amachita kuwafufuza pafoni. Ankakhala awiriwiri pakhonde, Bambo akumunyogodola kuti lilime lake ndi laulesi ngati la atate ake. Mayi Tam, a nyumba yoyandikana nafe ogulitsa supu aja, anafuula pampanda kuti kodi achikulire mwapeza mkazi wachizungu kuti tiyambe kusoka zovala za ukwati? Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

Zinthu zinatembenuka mwezi wathawu. Quyen akangoyamba kuwerenga, Bambo ankadzuka kukatseka mawindo, kutentha konseku. Anayamba kumunong'oneza kuti asamakweze mawu, chifukwa Mayi Tam amamva zonse ndipo amakanena. Mayi Tam omwewa, amene anatiphikira pamaliro a Amayi.

Tsiku lina pochokera kumsika ndinaona utsi kuseri kwa nyumba. Ndinadabwa, popeza silinali tsiku la mwambo wowotchera makolo omwalira ndalama zapepala. Ndinapeza Bambo ataima pamgolo wachitsulo uja timawotcheramo zinthu za Amayi. Anali atamatula timapepala tonse m'nyumba, ndi mabuku omwe a mwanayo, akuponya pamoto. Atandiona anandiitana dzina la Amayi. Anati ndifulumire, ndibweretse chilichonse cholembedwa Chingerezi, anthuwo akafika asapeze kanthu.

Quyen analira n'kukuimbira foni. Ndinamva yankho lako, Khiem. Unati agule mabuku ena, agogo ndi ukalamba chabe, nthawi isatayike. Mtima unandipweteka. Mwanayo anagula ena n'kumawerengera kuchipinda kwake, koma khoma la matabwa lija ukulidziwa. Ngakhale munthu akuyetsemula zimamveka.

Lachiwiri lapitali, ine ndili kumsika ndipo Quyen ali kukalasi, Bambo anasamba, anavala malaya awo oyera. Anatenga kachikwama, anaikamo neti ya udzudzu, malaya awiri, mpunga ndi nsomba zouma, n'kutuluka. Amene anandiimbira ndi bambo wa pantoni, yemwe amatidziwa. Anati bambo anu aima m'mphepete penipeni mwa doko, akufunsa aliyense kuti kodi anthu akukadzipereka kuti.

Ndinathamanga panjinga yamoto osavala n'chipewa chomwe. Ndinawapeza zala za kumapazi zili kunja kwa thabwa, madzi akuthamanga pansi pawo. Sanalimbane nane. Anangondiuza modekha kuti mwanayo alibe mlandu, anamuphunzitsa ndi iwo, ndipo akakadzipereka okha iye amusiya. Anandipempha kuti ndisawachedwetse, chifukwa ochedwa amawatengera kutali.

Adokotala anatipatsa mapiritsi, nati chachikulu ndi kuwachotsera chimene chikuwadzutsira zakalezo. Ndinamupempha Quyen kuti akakhale kaye kunyumba zogona ana asukulu mumzinda wa Can Tho mpaka mayeso atadutsa. Akuti sangasamuke iwe usananene. Amakuopa, kaya ukudziwa. Akuyesa kuwerenga chamumtima, koma akuti pamayeso pali gawo loyankhula, ndiye pakamwa payenera kuzolowera. Ndimamumva akunong'ona m'bafa atatsegula mpope, ndipo Bambo nawo amamumva.

Tsiku lomwe ndinawatenga kudoko lija ndinagula loko wamkulu n'kukhoma pageti. Ndikanatani? Sindingasiye msika, ndipo mtsinje uli pafupi.

Chikhomereni lokoyo Bambo adekha, ndipo kudekha kumeneko ndi kumene kukundiopsa. Safunanso kutuluka. M'mawa amapinda bulangete lawo mwaudongo, n'kukhala pamphepete pa bedi manja ali pamaondo. Ndikalowa amaimirira njo, maso pansi. Amanditchula kuti abwana. Dzulo anakweza dzanja kupempha chilolezo chopita kuchimbudzi, m'nyumba imene anamanga okha. Ndikawapatsa mpunga amadya theka, wotsalawo amabisa m'thumba la buluku. Thupi likutha ndikuona.

Ndinagwada patsogolo pawo, ndinati Bambo, ndine Nhan, mwana wanu woyamba. Anayankha kuti alibe chowonjezera pa zimene ananena kale, ndipo kunyumba kwawo kulibe wina wodziwa Chingerezi.

Khiem, ndawabwezera Bambo kundende kumene anatulukako kalekale, ndipo kiyi ndikuyenda naye m'khosi ndine. Ndikatsegula geti apita kumtsinje. Ndikatseka ndine mlonda wawo. Ndatopa, ndipo ndili ndi mantha.

Sindikudana ndi maphunziro a mwana wako. Ndamulera ndekha chipitire chako, ndipo ndikufuna akhoze kuposa mmene ukufunira iwe. Koma umuimbire, umuuze ndi pakamwa pako kuti asamuke sabata ino. Mawu akewo akakawatchulire ku Can Tho mokweza mmene angafunire.

Ndipo iwe ubwere. Usandiuze za ntchito, usatumize mankhwala a m'mabotolo okongola aja. Dzina langa lawathawa, la Quyen amaopa kulitchula kuti angamupereke, koma lako likadalipo. Sindikudziwa kuti likhalapo mpaka liti.

Undiperekere moni kwa alamu anga, ndi kwa azakhali a Sau ngati umawaonabe kukachisi. Mayi Tam akupereka moni, ngakhale masiku ano amabweretsa supu mozemba kuti Bambo asawaone. Makolo athu akusunge, ndipo Amayi akuunikire njira yobwerera kwanu.

Lero m'mawa ndikuwapatsa madzi osamba, Bambo anandifunsa mwaulemu kwambiri ngati akaidi a kuno amaloledwa kulandira alendo. Ndinati inde, amaloledwa, ndipo mwana wanu wamwamuna ali m'njira. Anandithokoza kuti zikomo abwana, mpaka kuwerama. Panopa akhala pampando moyang'ana kugeti, tsitsi atapesa.

Usandisandutse wabodza.

Ndine mlongo wako,
Nhan