Musadinde Chala pa Pepala la Nzimbe

Bolton, Lachitatu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti mwana wathu Tadala chifuwa sichikumusiya ndi kuziziraku.

Lolemba amayi anandiimbira kuti a kampani ya shuga abwera ndi pepala lachingerezi, ndipo mukufuna kudinda chala kuti nzimbe za m'munda wa malemu bambo tizigulitsa kwa iwo okha. Achimwene, mpaka ndimvere kwa amayi? Foni muli nayo ya chiyani?

Dzulo ndinadandaulira agogo ena omwe ndimawasamalira kuntchito, amene kale ankayenda pa sitima zapamadzi. Anandiuza za zilumba zotchedwa Hawaii. Mfumu yakumeneko inagwirizana ndi Amereka kuti shuga wake azilowa kwawoko popanda msonkho, bola mfumuyo isapereke malo kwa dziko lina. Ndalama zinabweradi. Itakwana nthawi yosainanso, Amereka anati, "Tipatseninso doko." Mfumu inapereka, poti shugayo ikanamugulitsa kuti? Mapeto ake azungu a minda ya nzimbe anadzachotsa pampando mfumukazi imene inalowa m'malo mwa mfumuyo.

Ndinafunsa kuti, "Kodi mfumuyo sinkadziwa kuwerenga?" Agogowo anaseka nati, "Inkawerenga bwino kuposa iwe."

Ndiye ife a Sitandade 5 titani? Viza yanga ikutha chaka chamawa. Akatibweza, Tadala ndikamulimira pati?

Chonde jambulani masamba onse a pepalalo, mutumize pa foni kuti amake Tadala awerenge. A kampaniwo akamakufulumizitsani, muwauze kuti mundawo ndi wa anthu awiri, ndipo winayo sanavomere.

Ambuye akusungeni nonse kumudziko.

Ine mng'ono wanu,
Yohane