Mphete ya Amayi Ili M'galasi

Mzinda wa Nancy,
9 Meyi 1904

Okondedwa achemwali a Léonie,

Kalata yanu inandipeza, ndipo nkhani ya ukwati wanu ndi a Prosper yandikondweretsa kwambiri. Kuno ndili bwino. Chifuwa chija chinatha, kutentha kwa ng'anjo ndakuzolowera, ngakhale anzanga sanaleke kunditcha "a Dokotala" chifukwa cha digiri yanga ija.

Mwapempha mphete yagolide ya malemu amayi kuti mudzavale pa tsikulo. Masiku anayi tsopano ndikungoyamba kalata n'kung'amba.

Mukudziwa kuti ntchito yanga kwa a Grandidier ndi kusakaniza mankhwala opatsa galasi mtundu. Iwo amajambula maluwa, ine ndimawafunira maonekedwe ake. Chaka chino anafuna kufiira kwenikweni, kuja kumachokera ku golide. Nditalephera kawiri, anakana kundipatsanso golide wina, ndipo ndinaopa kuti andichotsa ntchito. Achemwali, mphete ija ndinaisungunula.

Galasi la kapu yoyamba linatuluka m'ng'anjo lotuwa ngati udzu wouma. Ndinangokhala pansi. A Fridolin, mkulu amene wakhala akuuzira magalasi zaka makumi atatu, anaphulika kuseka.

"A Dokotala, mwayamba maliro munthu asanafe? Ku yunivesite sanakuuzeni kuti golide ndi wamanyazi?"

"Ndalakwitsanso muyeso," ndinatero.

"Muyeso wa chiyani! Ameneyu safiira ulendo woyamba, amafuna umubwezere pamoto. Ali ngati mkazi wanga, ndinachita kumufunsira kawiri. Tapatukani apo."

Analibwezeradi. Ine ndikuyang'ana, kufiira kunayambira kukamwa n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Ndiye kuti kawiri konse kaja ndinkataya galasi labwinobwino.

A Grandidier atamva kumene golideyo anachokera anati kapu yoyambayo isagulitsidwe. Ajambulapo okha maluwa a mapulamu, aja amayi ankaika patebulo. Ndiyo ili m'bokosi ndatumizali. Musamale potsegula, ndaikulunga mu udzu.

Ntchito inoyi mtima wanga wakhazikikapo, sindibisa. Koma mphete inali ya tonse awiri, ndipo sindinakufunseni. Kapu savala kuchala, ndikudziwa.

Musandiyankhe tsiku lomwelo. Muiike pawindo m'mawa, dzuwa lilowemo. Mtima ukakhala wotuwabe, muiyang'anenso kachiwiri mawa lake.

Mundiperekere moni kwa a Prosper. Ngati mpando wanga paukwatipo ukadalipo, mundiuze, suti ndachapitsa kale.

Ine mlongo wanu,
Émilien