Bonasi ya miyendo inayi

Lolemba, 16 Disembala
Bonasi yafika. Ili ndi nyanga.
A Chikoti, eni sitolo, aitsitsa pa pikapu masana ano n'kuimangirira kuseri kwa nyumba ya feteleza. Akuti ndalama zonse zalowa m'katundu, ndiye mbuzi imeneyi ndi yathu anthu anayi, tigawane "malinga ndi mmene aliyense wagwirira ntchito." Atatero analiza galimoto n'kubwerera ku Namitete. Ochenjera.
Ine kunyumba ndinali nditalonjeza kale nsapato za mwana wanga Mayamiko. Kaya avala ziboda.

Lachiwiri, 17 Disembala
Msonkhano pa nthawi ya tiyi. A Elifasi akuti matumba onse a mu Msundwe muno adutsa pamsana pawo, choncho miyendo yam'mbuyo yonse iwiri ndi yawo. A Rabson akuti pakanapanda mlonda bwenzi tikugulitsa mashelefu. Ine ndati kumwetulira makasitomala kuyambira Januwale si ntchito yamasewera, masaya amawawa.
Triza, mnzanga wa pakauntala, anangoyamba mu Okutobala. Ndati iye atenge zam'kati ndi mchira. Onse anaseka. Nayenso anaseka, koma pang'ono.

Lachitatu, 18 Disembala
A Elifasi abwera ndi choko cha mwana wawo, ajambula malire pambuzi ngati akugawa munda. Dera lawo lakula usiku umodzi, lafika mpaka m'nthiti. Mvula yafufuta zonse isanakwane 2 koloko.
Madzulo ndamva T. pafoni kuseri: "Amayi, musagule ndiwo za Khirisimasi, ndibwera ndi nyama ya kuntchito." Amalankhula monyadira. Ndinabwerera mwakachetechete osatunga madzi amene ndimafuna.

Lachinayi, 19 Disembala
Bonasi yadya theka la lisiti buku. Palibe akuvomera kuti mbali imene yadyayo ndi yake.

Lachisanu, 20 Disembala
Tinaitana a Nasoni, opha mbuzi pamsika. Anafika ndi mipeni yawo, anagwada, n'kuisisita pamimba nthawi yaitali. Kenaka anapukuta manja.
"Iyi ine sindipha. Ili ndi bere."
A Elifasi: "Kodi mwaonetsetsa? Mwina ndi mapepala yadya aja."
A Nasoni anangokulunga mipeni.
Ndiye mkangano watsopano. A E. akuti tigulitse. A Rabson akuti mwanayo ndi wawo chifukwa ndiwo akhala akuipatsa masamba. Ine ndimafuna tigulitse ndithu, nsapato zija. Koma nditauza amuna anga a Dyson kunyumba anati kugulitsa mbuzi ya bere kuti ugule nsapato ndi zimene ankachita malume awo, aja anamwalira alibe ndi nkhuku yomwe. Tiyi wawo ndinaika shuga wochepa.

Loweruka, 21 Disembala
Funso linali lakuti tikaisunga, isungidwa kuti. Ine ndili pa lendi. A Rabson nawonso. Kwa a Elifasi kuli agalu atatu opanda mwambo.
Tonse titatopa, Triza anati kwa amayi ake ku Nsaru kuli khola lopanda kanthu chibedwere mbuzi zawo chaka chatha. Msipu uliko, ndipo amayiwo amasowa chowadzutsa m'mawa.
A Rabson anati, "Woweta ndiye amayamba kulandira mwana, eti?" Anayang'ana ine. Ndinayang'ana a Elifasi. A Elifasi anayang'ana kudenga, n'kunena kuti mwana wachiwiri ndi wawo ndipo asamve wina akutsutsa. Wachitatu a Rabson. Ine womaliza. Mmene ndidzalandire wanga, Mayamiko adzakhala akuvala nsapato za abambo ake.
Ndauza T. kuti za mchira zija ndinkangocheza. Wati amadziwa. Sindikukhulupirira, koma wandigawira chimanga chake chootcha.

Lamulungu, 22 Disembala
Yapita pa njinga yamoto, Triza ataikumbatira pakati pa iye ndi woyendetsa. Inalira mpaka pa mlatho.

Lolemba, 23 Disembala
A Elifasi akuti za mbuzi ija alibe nazo ntchito, anaberedwa poyera ndipo chaka chamawa akufuna envelopu. Koma andifunsa kawiri ngati T. waimba. Nditati inafika bwino ndipo ikudya, anangoti "Hm."
Potseka sitolo abwera ndi kathumba ka madeya, komanga bwino ndi luzi. Akuti ndipatsire kondakitala wa minibasi ya ku Nsaru mawa m'mawa, ndipo ndimuuze T. kuti amayi ake aziwaza kamchere pang'ono.
"Musawauze a Rabson," anatero.